Lipoti: ng'ombe 30 m'khola limodzi, zina zanona kale pomwe zina zikukulabe mafupa

Chodandaula

Mlimi wina wonenepetsa ng'ombe za nyama anandiitana atasemphana ndi wogula. Anali ndi ng'ombe zothena 30 zimene anagula kwa oweta osiyanasiyana, ndipo pogula ankangotsata sikelo. Iliyonse yolemera pakati pa makilogalamu 280 ndi 310 ankaitenga. Maganizo ake anali akuti ng'ombe zikalowa m'khola zili zofanana kulemera, n'kumadya chakudya chimodzi, zidzatulukanso tsiku limodzi. Patapita miyezi inayi wogula wochokera kophera nyama anafika, anazungulira khola lonse, kenako ananena kuti zina zanona mopitirira muyeso ndipo azidula mtengo, zina sizinafike, ndipo zimene angatenge popanda chodandaula n'zochepa.

Mwini ng'ombe ankakayikira njoka zam'mimba. Mnyamata wosamalira khola ankati ng'ombe zifupizifupi ndi zaukali pomwera ndi podyera, zimathamangitsa zinzake zazitali zimene sizinanone. Maganizo onse awiri anali oyenera kuwafufuza, choncho ndinayambira pomwepo. Ndowe zitayezedwa zinapezeka ndi mazira a njoka ochepa kwambiri. M'zikope munali mofiira bwino, ubweya wosalala, palibe yotsekula m'mimba kapena yotsokomola. Modyera munali malo okwanira zonse kudya nthawi imodzi, ndipo nditaima n'kumaonerera nthawi ya chakudya, zazitali zija zinkadya mwakhama kuposa zinzake. Sikelo inavomereza: zimene wogula anati sizinafike ndi zimene zinali zolemera kwambiri m'khola monse. Ng'ombe yodwala kapena yolandidwa chakudya siilemera choncho.

Zimene ndinayeza

Tinazilowetsa imodziimodzi m'kanjira kopanikizira. Iliyonse ndinaitsegula pakamwa kuona mano, ndinaiyeza kutalika ndi ndodo kuchokera pansi kufika pamwamba pa mafupa a chiuno itaima bwino pamalo osalala, kenako ndinaigwira ndi manja m'malo mmene mafuta amakhala. Kwa zambiri mwa izo, ogulitsa anali atapereka mwezi wobadwa, ndipo zimenezi zinathandiza kwambiri, chifukwa kutalika kwa ng'ombe sikunena kanthu ngati sukudziwa kuti ili ndi miyezi ingati.

Ng'ombe zinagawika zokha m'magulu atatu.

Gulu loyamba linali ndi ng'ombe 11, za miyezi pafupifupi 16, mano onse akadali a mkaka. Pachiuno zinali masentimita 118 mpaka 123, kulemera makilogalamu 430 mpaka 455. Zambiri zinali ndi magazi a mitundu ya Angus ndi Hereford. Miyendo yaifupi, thupi lakuya, khosi lalifupi lokhuthala, mutu waufupi wotambalala pamphumi. Ukaziyang'ana cham'mbali, kuya kwa thupi kuchokera pamsana kufika pansi pa chifuwa kunkaposa mpata wotsala pakati pa chifuwa ndi nthaka.

Gulu lachiwiri linali ndi ng'ombe 14, ndipo apa m'pamene mwini wake anadabwa: zinali zazing'ono msinkhu kuposa zoyamba zija ndi miyezi iwiri kapena kuposerapo. Pachiuno zinali masentimita 133 mpaka 138, kulemera makilogalamu 460 mpaka 490. Magazi a Charolais ndi Simmental ankaoneka poyera. Thupi lalitali, miyendo yaitali, mimba yokwera cha kuntchafu, nkhope yaitali, ndipo pansi pa mimba pankaoneka mpata waukulu. Zinafanana kulemera ndi zinzake tsiku logula chifukwa chakuti zinali ana a ng'ombe zazikulu ogwidwa akadali aang'ono, pomwe zinazo zinali ana a ng'ombe zazing'ono amene anali atayenda kale gawo lalikulu la ulendo wawo.

Gulu lachitatu, la ng'ombe zisanu, ndilifotokoza palokha chifukwa ndi limene limasokoneza anthu ambiri.

Chifukwa chake zinasiyana

Ng'ombe siikula ziwalo zonse nthawi imodzi. Mafupa amatsogola, minofu imatsatira, mafuta amabwera pomaliza. Dongosolo limeneli analifotokoza bwino katswiri wa ziweto John Hammond ndi anzake ku Cambridge ku England zaka za m'ma 1930, ndipo aliyense amene wasendapo nyama za misinkhu yosiyana amaliona ndi maso. Thole longobadwa kumene limakhala mutu ndi miyendo, chifukwa mafupa a m'munsi mwa miyendo amakula kwambiri likadali m'mimba. Kenako thupi limatalika, pambuyo pake n'kuyamba kuzama ndi kutambalala. Mafupa akayandikira pothera, minofu nayo imachepetsa liwiro, ndipo chakudya chimene ng'ombe ikudya chimayamba kusanduka mafuta. Ngakhale mafutawo ali ndi dongosolo lake: amayamba m'kati mozungulira impso ndi matumbo, kenako pakati pa minofu, kenako pansi pa chikopa, ndipo omalizira ndi aja amalowa m'kati mwa mnofu weniweni n'kuupatsa timizere toyera.

Ng'ombe iliyonse imadutsa njira yomweyi. Kusiyana kuli pa kulemera kumene imafikira pokhota. Yokhwima msanga imakhota ikadali yopepuka, chifukwa msinkhu umene inabadwira kuti idzafike ndi waung'ono. Yokhwima mochedwa imapitirizabe kuika mafupa ndi minofu mpaka italemera kwambiri. Choncho makilogalamu 450 pa ng'ombe ya gulu loyamba ndi mapeto a ntchito, pomwe makilogalamu 480 pa ya gulu lachiwiri ndi pakati pa ntchito. Sikelo imangotchula nambala, siinena kuti nambalayo ili pati pa ulendo wa ng'ombeyo.

Kutalika kwa pachiuno ndi njira yachidule yodziwira msinkhu umene ng'ombe ikulowera. Bungwe la Beef Improvement Federation la ku America lili ndi muyeso wa manambala 1 mpaka 9 wogwirizanitsa kutalika ndi miyezi imene ng'ombe ili nayo. Pa muyesowu nkhunzi ya miyezi 12 yotalika masentimita pafupifupi 114 ili pa 3, ya 124 ili pa 5, ya 135 ili pa 7, ndipo nambala iliyonse imasiyana ndi inzake ndi masentimita pafupifupi 5. Misoti ya miyezi yomweyo imakhala yofupikirapo ndi masentimita pafupifupi 5 pa nambala yomweyo. Ubwino wake ndi wakuti ng'ombe yodya bwino siisinthasintha nambala ikamakula. Gulu loyamba la mlimiyu linagwera pa 3, lachiwiri pa 6 ndi 7. Unduna wa zaulimi wa ku America, USDA, umagawanso ng'ombe zokanenepetsa m'magulu atatu potengera mafupa: yothena ya mafupa aang'ono imayembekezeka kunona mokwanira isanafike makilogalamu pafupifupi 500, yapakati pakati pa 500 ndi 567, yaikulu itapitirira 567. Manambalawa sindiwatenga ngati lamulo pa ng'ombe ina iliyonse, chifukwa misika imafuna mafuta osiyana, koma amasonyeza kukula kwa mpata umene mlimiyu anaika m'khola limodzi: makilogalamu oposa 100 pakati pa tsiku loyenera kugulitsa gulu ili ndi tsiku loyenera kugulitsa gulu linalo.

Zimene manja anapeza

Maso amanyengeka ndi mafuta. Mwini ng'ombe ankanyadira gulu loyamba kuti ndilo "la nyama yambiri", ndipo ndinam'pempha kuti aime nane kumbuyo kwa ng'ombe ziwiri, imodzi ya gulu lililonse.

"Bambo, tayang'anani kuti ng'ombe iliyonse yatambalala kwambiri pati."

Yaifupi ija inali yotambalala pamwamba. Msana unali wophwatalala, ndipo thupi linkachepa kutsika m'munsi. Patsinde pa mchira panali timitumbira tiwiri tofewa, mbali iyi ndi iyo, ndipo ukakanikiza chala chinkamira. Pakati pa ntchafu panali podzaza mpaka m'munsi, kathumba kotsala pothena kanali kolemera ndi mafuta, nganga inali yodzaza n'kumagwedera ikamayenda. Nditayendetsa dzanja panthiti zomalizira, nthitizo sizinkamveka pokhapokha nditakanikiza mwamphamvu. Yaitali ija inali yotambalala pakati pa ntchafu, miyendo yakumbuyo itaima motalikirana, msana wobulungira wokhala ndi kamzere pakati. Ikasuntha mwendo minofu inkaoneka ikugudubuzika pansi pa chikopa. Patsinde pa mchira panali pouma, mafupa akumveka, nganga yopanda kanthu koma chikopa, ndipo nthiti zinkawerengeka ndi zala popanda kukanikiza.

Ndinamugwiritsa dzanja pamwendo wakutsogolo, pamwamba pa bondo. Pamenepa mafuta sakhalapo ambiri, choncho chimene ukugwira ndi mnofu ndi fupa basi. Wa yaitali unali wokhuthala kuposa wa yaifupi. Anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Ndiye kuti ndakhala ndikugula chakudya chopangira mafuta oti wogula akandidulire mtengo?" Ndinamuyankha kuti pa masabata omalizirawa n'zimene zachitikadi. Mnofu uli ndi madzi pafupifupi magawo atatu mwa anayi, pomwe mafuta ali ndi madzi ochepa kwambiri, choncho kilogalamu imodzi ya mafuta imadya chakudya chochuluka kuposa kilogalamu ya mnofu. Buku lake la sikelo linasonyeza zomwezo. Gulu loyamba linali litayamba kale kutsika pa kulemera kowonjezera pa tsiku, koma kudya silinachepetse.

Chizindikiro china chimene ndimachidalira pa ana a ng'ombe, mafuta asanabwere n'komwe, ndi fupa la msongolo, lochokera pabondo kufika pamfundo ya pamwamba pa chiboda. Fupa limeneli limamaliza kukula msanga kuposa ena, ndiye limanena za msinkhu wa m'tsogolo ng'ombe ikadali yaing'ono. Msongolo wautali umalonjeza ng'ombe yaikulu yochedwa kunona. Waufupi umalonjeza yofulumira. Pa msika, pamene palibe ndodo yoyezera ndipo ng'ombe siikuima malo amodzi, ndimayang'ana msongolo, kutalika kwa nkhope kuchokera pakati pa maso kufika pamphuno, ndi mpata wa pansi pa chifuwa. Zitatuzi zikagwirizana sindikayika.

Ng'ombe zisanu zija

Izi zinali masentimita 124 mpaka 127 pachiuno, ndipo mwini wake ankaziwerengera pamodzi ndi zifupizifupi. Pakamwa panatiuza zina. Zinayi zinali ndi mano awiri akuluakulu olowa m'malo mwa a mkaka, imodzi inali ndi anayi. Mano awiri oyamba akuluakulu amatuluka ng'ombe ili ndi chaka chimodzi ndi theka mpaka zaka ziwiri, awiri otsatira cha pa zaka ziwiri ndi theka, ndipo mitundu ya linunda imakonda kuchedwerapo. Choncho ng'ombe zimenezi zinali za zaka pafupifupi ziwiri kapena kuposa, ndipo n'zomwezi zimene zinalibe mwezi wobadwa papepala. Pa tsiku logula zinkalemera mofanana ndi ana a chaka chimodzi chifukwa zinakulira m'njala.

Ng'ombe yopinimbira ndi njala ndi ng'ombe yokhwima msanga zimafanana kutalika kokha. Njala siigwira ziwalo mofanana. Zimene zimakula moyambirira, monga mutu ndi mafupa a m'munsi mwa miyendo, zimalanda chakudya chochepa chimene chilipo, ndipo zimene zimakula mochedwa, monga chiuno, msana ndi kuya kwa thupi, ndi zimene zimatsalira. Ndiye yopinimbira imakhala ndi mutu waukulu wosagwirizana ndi thupi, miyendo yooneka yaitali, chiuno chopapatiza, mchira wautali wofika m'munsi, ndipo ngati ili ndi nyanga zimakhala zazitali kuposa zimene thupi lake lingayenere. Yokhwima msanga yodya bwino imakhala yogwirizana paliponse, yaing'ono koma yodzaza. Munthu akaona zimenezi kamodzi zili pafupi, sazisokonezanso.

Zisanuzi n'zimene zinakwera mofulumira kwambiri miyezi iwiri yoyamba, ndipo mnyamata wa m'khola ankazitama. Ng'ombe yochokera m'njala ikapeza chakudya imathamanga kubweza zimene inataya, komanso mimba yake imadzaza, ndiye sikelo imakondwera. Koma liwiro limenelo silikhalitsa, ndipo ngati njala inaigwira ikadali yoyamwa, msinkhu umene inayenera kufika siufikanso wonse. Pa ng'ombe zotere muyeso wa kutalika sugwira ntchito bwino, chifukwa unapangidwira ng'ombe zodya mokwanira. Ndinalangiza kuti zisamaweruzidwe ngati gulu, koma iliyonse izigwiridwa panthiti ndi pamchira masabata awiri aliwonse. Zaka zake zinalinso nkhani kwa wogula, popeza misika yambiri imaika nyama m'magiredi potengera mano kapena kuuma kwa mafupa a msana, ndipo ya ng'ombe ya zaka zambiri imatsika giredi.

Zimene tinachita

Gulu loyamba linagulitsidwa sabata yomweyo. Zitatu zinadulidwadi mtengo chifukwa cha mafuta, ndipo panalibe chochitira, chifukwa kusunga ng'ombe yonona n'cholinga choti iwonde n'kutaya kawiri. Gulu lachiwiri linatsala m'khola pa chakudya champhamvu, ndipo tinagwirizana kuti tsiku logulitsa lisankhidwe ndi dzanja osati kalendala: nthiti zikayamba kumveka zokutidwa, patsinde pa mchira pakafewa, nganga ikayamba kudzaza. Zinafika pamenepo patapita miyezi ina iwiri ndi theka mpaka itatu, zikulemera makilogalamu 570 mpaka 600, ndipo wogula yemweyo anazitenga zonse. Mwa zisanu zija, zitatu zinanona cha pa makilogalamu 480, ziwiri zinachedwerapo.

Funso limene anafunsa pomaliza

Ataona kulemera kwa gulu lachiwiri, mlimiyu anafuna kudziwa ngati kuli bwino kumangogula zazitali zokhazokha, komanso ngati pa ng'ombe zake zoswana angagule nkhunzi yaikulu kwambiri imene angaipeze. Ndinam'chenjeza, ndipo apa ndili ndi maganizo olimba.

M'khola lonenepetsera, pamene chakudya champhamvu chilipo chokwanira ndipo msika ukufuna nyama yolemera yopanda mafuta ambiri, yokhwima mochedwa imapindulitsa. Imakula mofulumira pa tsiku ndipo imatenga nthawi isanayambe kuwononga chakudya pa mafuta. Pa msipu wokha nkhani imatembenuka. Udzu nthawi zambiri sukhala ndi mphamvu yokwanira kuti ng'ombe yaikulu idzisamale, ikule, n'kutsalanso ndi yoika mafuta, choncho imatha kufika zaka zitatu ikadali mafupa, nyengo ya udzu wabwino n'kutha isananone. Yokhwima msanga imanona pa udzu womwewo nyengo isanathe.

Pa ng'ombe zoswana vuto limakula. Chakudya chongosungira thupi chimakwera ndi kulemera: ng'ombe yaikazi ya makilogalamu 600 imafuna pafupifupi gawo limodzi mwa anayi kuposa ya makilogalamu 450, chaka chonse, kaya ili ndi bere kapena ayi. Msoti umayenera kukweredwa utafika pafupifupi 60 mpaka 65 pa 100 alionse a kulemera kumene udzakhale nako ukadzakula, ndiye wa mtundu waukulu uli ndi mtunda wautali woti uyende kuti ubereke uli ndi zaka ziwiri. Chakudya chikachepa, yaikulu ndi imene imayamba kuwonda, ndipo yowonda imachedwa kufunanso nkhunzi. Nkhunzi ya mtundu waukulu pa misoti yaing'ono imabweretsanso matole aakulu ovuta kubadwa. Jan Bonsma wa ku South Africa, amene anapanga mtundu wa Bonsmara, ankaphunzitsa kuweruza ng'ombe poona thupi, ndipo ankakayikira nkhunzi ndi zazikazi zazitali miyendo mopitirira, chifukwa mahomoni a kubereka ndi amene amatseka kukula kwa mafupa aatali. Pa chifukwa chomwechi yothena imatalika kuposa nkhunzi ya magazi omwewo. Pa kunona, misoti imatsogola, zothena zimatsatira, nkhunzi zimamalizira, choncho kusakaniza misoti ndi zothena m'khola limodzi kumabweretsa vuto lomwe lija ngakhale zili za mtundu umodzi.

Kuthamangira mbali imodzi kunayesedwa kale, ndipo kunavulaza. Zaka za m'ma 1940 ndi 1950 oweta Hereford ndi Angus ku America ankapikisana kutulutsa ng'ombe zifupizifupi zonona msanga, mpaka matenda obadwa nawo a kupinimbira anafalikira m'makola ambiri. Mitundu ikuluikulu ya ku Ulaya itayamba kulowa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, anatembenukira mbali inayo, ndipo pofika zaka za m'ma 1980 ng'ombe zopambana pa ziwonetsero zinali zazitali mopitirira, zodya kwambiri ndi zochedwa kunona. Oweta ambiri anabwerera pakati.

Dzina la mtundu nalo lisamalowe m'malo mwa kuyeza. Angus ya masiku ano ya mizere ina ndi yaikulu kuposa Angus ya kale, ndipo m'mtundu umodzi mumapezeka ng'ombe zosiyana manambala awiri kapena atatu. Mitundu ya linunda monga Brahman imachedwa kutha msinkhu pa kubereka ngakhale isali yaikulu kwambiri, ndipo chikopa chake cholendewera pakhosi ndi pamchombo chimapangitsa thupi kuoneka lakuya kuposa mmene lilili. Pa zoterezi ndimakhulupirira dzanja kuposa diso.

Pa ng'ombe zimene agule ulendo wotsatira tinagwirizana zinthu zochepa. Iliyonse itsegulidwe pakamwa isanalipiridwe, ndipo ya mano akuluakulu yolemera ngati mwana wa chaka chimodzi igulidwe pa mtengo wake wa yopinimbira kapena isiyidwe. Mwezi wobadwa ufunsidwe. Tsiku lofika zonse ziyezedwe pachiuno, nambala ilembedwe pambali pa kulemera, ndipo khola ligawidwe pawiri ndi mpanda: zifupizifupi zikhale kaye pa udzu wambiri ndi chakudya chochepa mphamvu kuti zionjezere mafupa zisanayambe kunona, zazitali zilowe pa chakudya champhamvu msanga. Mnyamata wa m'khola ndinam'phunzitsa malo atatu ogwira, nthiti zomalizira, patsinde pa mchira ndi nganga, ndipo azilemba zimene wapeza tsiku lililonse loyeza pa sikelo.